Tsiku lomwe ndinalepheretsa miphika ya mayi a ku France

Mpaka lero sindikumvetsa kuti ndinalakwa pati, koma ntchito inatsala pang'ono kundithera, ndipo kuno ku Dubai ntchito ikatha, viza nayo yapita.

Poyamba ndinkagwira pa fakitale ina ya mabotolo ku Dubai Investments Park. Ntchito yanga inali kuunika botolo lililonse: likakhala ndi kathovu kapena kukamwa kokhota, kunja! Diso langa silinkaphonya (anzanga ankanditcha Sefa). Ndiye atandilemba pa nyumba ina yoonetsera zaluso, ndinkadziona katswiri wa magalasi.

Tsiku lina kunafika mabokosi a mayi ena achikulire a ku France, omwe amapanga miphika ya maluwa yagalasi pamanja. Bwana anandiuza kuti nditsegule ndione ngati zonse zili bwino, iwo n'kutuluka.

Mphika woyamba, thovu lokhalokha. Wachiwiri wopendekera ngati waledzera. Wachitatu ngati muli chifunga. Ndinawamvera chisoni mayiwo, ndinati maso atha ndi ukalamba. Ndinamata kapepala kofiira pa uliwonse n'kuikankhira kuseri, pafupi ndi bini (kuswa sindinaswe, Mulungu anandigwira dzanja). Chinakhoza mayeso ndi chinthu chimodzi chokha: jagi yowongoka, yopanda chilema. Ndinaipukuta n'kuikhazika patebulo lapakati, pansi pa getsi.

Mayiwo atafika ndi bwana, anaiyang'ana jagiyo nthawi yaitali. Kenako anafunsa chapansipansi kuti jagi yawo yomwera madzi, yogula m'shopu, ikutani pamenepo.

Ndinawatengera kuseri n'kuwaonetsa zilema zonse, mwaulemu ndithu. Bwana anangogwira mutu n'kunena m'Chiarabu kuti, "Khalas," kutanthauza kuti basi zatha. Ndinadziona kale ndikutsika ndege ku Lilongwe chimanjamanja.

Mayiwo ananyamula wopendekera uja ngati khanda. "Mwana wanga, kuti thovu ili likhale pomwe lilipa, ndalimbana nalo moyo wanga wonse."

Ine ndinayesa akudandaula. "Musataye mtima, mayi," ndinatero. "Kufakitale kwathu makina amathana nalo tsiku limodzi."

Mayiwo anaseka mpaka anakhala pabokosi, ndipo akupukuta misozi anapempha bwana kuti asandichotse. Panopa ntchito yanga ndi kunyamula mabokosi, kutsegula n'koletsedwa. Alendo akaima n'kumasirira miphikayo, nanenso ndimagwedeza mutu ngati ndikumva. Koma pakati pa inu ndi ine, mphika uja ndi wopendekera basi.