Nkhondo ya Sampu Yakuya ndi Sampu Yosaya

Tcherani makutu inu nonse amene munagwirapo sipanala, pakuti ndikamba za chaka chimene chipale chofewa chinachedwa kusungunuka mu mzinda wa Toledo, m'dera la Ohio, chaka chimene mchere wothira m'misewu posungunula chipalecho unadya magalimoto a anthu mpaka kusiya mafupa okhaokha, ndipo mtendere wa zaka makumi anayi ndi chimodzi unang'ambika pakati m'nyumba yoyang'anana ndi yanga. Ine Curtis Abernathy, amene ndinapuma pa ntchito yogawa makalata, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndinayenda pakati pa adani awiriwo wopanda chishango.

M'nyumbamo munkakhala Delbert Sobczak, Mpukutafumbi, Mwini Nsanza Khumi ndi Ziwiri, iye amene anamanga mabawuti kufakitale zaka makumi atatu osasiyapo limodzi lokhwepa. Ndiponso mkazi wake Lorraine, Mpondamoto, Nyalugwe wa pa Getsi Lobiriwira, amene pa utsikana wake anachititsa manyazi anyamata onse a dera lathu pa bwalo la mpikisano wa magalimoto. Ana awo anakula n'kusamukira kutali, koma m'galaja munatsala Dolores, galimoto yofiira ya chaka cha 1969, ya masilinda asanu ndi atatu, imene ikadzuka n'kutsokomola kamodzi agalu a misewu itatu ankayankha.

Tsiku lina mu Epulo, Delbert akuyendetsa Dolores pa liwiro la maliro monga mwa chizolowezi chake, tayala linagwera m'dzenje pafupi ndi njanji, ndipo sampu, beseni lachitsulo lija losunga oyilo kunsi kwa injini, itatumikira zaka zoposa makumi asanu, inang'aluka. Oyilo anatayika mzere wakuda kuchokera kunjanji mpaka pakhomo, ndipo pa mzere umenewo ndi pamene nkhondo inabadwira.

Madzulo a tsikulo, ine ndili pompo, Mpukutafumbi anaimirira pakhomo la galaja, nsanza ili paphewa, nalankhula ngati mfumu ikuwerenga malamulo.

"Lorraine, galimoto iyi inatuluka m'fakitale ndi sampu yosaya, ya mabotolo asanu a oyilo, ndipo idzafa ndi sampu yosaya. Pa chionetsero cha magalimoto cha mu Julaye oweruza amagona chagada ndi tochi. Akakaona chimphika chako chili lendee ngati mimba ya nkhumba, andiseka mpaka tsiku la maliro anga."

Mpondamoto anapinda manja. "Oweruza akowo anayamba amvapo injini ikulira ludzu? Ukaponda moto oyilo yense amathawira kumbuyo, pampu imayamwa mphepo, injini n'kupsa. Ine ndikufuna yakuya, ya mabotolo asanu ndi awiri, yokhala ndi timakoma m'kati toletsa oyilo kuthawa."

"Aponde motoyo ndani? Tili ndi zaka makumi asanu ndi awiri."

"Uli nazo ndiwe, nkhalamba iwe. Ine zatsala ziwiri."

Apo malipenga analira. Lorraine anatseka khitchini, ndipo Delbert, amene chikwatirire sanaphikepo kanthu koposa madzi a khofi, anayamba kudya nyemba zam'chitini ataimirira. Pobwezera, iye anasintha loko wa galaja n'kusamutsirako wailesi. Madoda a kalabu ya magalimoto akale anabwera ndi zipewa zawo zofanana kudzalimbitsa Mpukutafumbi mtima, amayi oponya mpira wogwetsa zibonga Lachiwiri lililonse anaima kumbali ya Mpondamoto, ndipo ine, chifukwa cha ntchito yanga yakale, ndinasankhidwa kukhala mthenga.

"Curtis, kamuuze mayiyo kuti sampu yakuya ikakhula pansi pa chitunda chilichonse cha mu Ohio."

Ndinkayenda mapazi khumi ndi asanu kupita kukhitchini.

"Kamuuze bamboyo kuti iye anathyola yosaya akuyenda ngati kamba. Umuuzenso kuti mankhwala ake a mtima ali pawindo."

Aliyense anaitanitsa sampu yake mobisa, ndipo tsoka, lomwe limakonda nthabwala, linakweza makatoni onse awiri m'lole imodzi n'kuwatsitsa pakhonde limodzi. Kwa milungu itatu Dolores anakhala m'mwamba pa zitsulo zochirikiza, mimba ili pululu, masampu awiri akuyang'anizana pa shelefu ngati atambala.

Linafika Lachinayi lina m'mawa, Lorraine atachoka osanena kumene akupita, ndipo Delbert anandikodola ndi chala pampanda.

"Lero tithana nazo. Ukweze injini pang'ono ndi jeke, ine ndilowe pansi. Akamabwera apeza ntchito yatha."

"Del, ine ndine mthenga chabe."

"Mthenga amene amamwa mowa wanga. Gwira jeke."

Motero ngwaziyo inayala katoni pansi, inagona chagada, inakwawira kunsi kwa Dolores itakumbatira sampu yosaya, ndipo inayamba kumanga mabawuti makumi awiri, limodzi ndi limodzi, ikuimba kanyimbo ka chipambano. Pa bawuti lakhumi ndi chinayi nyimbo inaduka. Msana wa Mpukutafumbi, umene unasenza banja la Sobczak kudutsa masitiraka awiri ndi chigumula chimodzi, unauma gwa ngati thabwa. Ndinayesa kumukoka miyendo, koma anatulutsa mawu amene sindingawabwereze pamaso pa ana a sukulu.

Tili choncho, chitseko cha m'mbali chinatseguka. Lorraine anayang'ana nsapato ziwiri zosuzumira kunsi kwa galimoto, anayang'ana katoni yopanda kanthu, kenako anandiyang'ana ine, ndipo ndinalakalaka ndikanabadwira dera lina, ngakhale ku Indiana.

"Wamanga angati?" anafunsa nsapatozo.

"Khumi ndi anayi," nsapato zinayankha motsitsa.

Ndinkadikira bingu. M'malo mwake Mpondamoto anaika chikwama pansi, anayala katoni ina, ndipo ndi diresi lake labwino lomwelo anagona chagada n'kukwawira pambali pa mwamuna wake. Kunja kunatsala miyendo inayi. Munthu wamakhalidwe akanatuluka, koma jeke inkafunika woyang'anira.

"Ndimachokera kwa dokotala wa maso, Del," ndinamva Lorraine akutero. "Diso lakumanzereli likutha. Akuti pofika nyengo yozizira sandilolanso kuyendetsa."

Kunsi kuja kunamveka mawu a Delbert.

"Unadziwa liti?"

"Anayamba kundichenjeza mu Febuluwale. Lero watsimikiza. Ndikufuna ulendo umodzi pa bwalo lija, umodzi wokha, ndikadali kuona getsi likasintha. Sindifuna kuotcha injini ya Dolores pochita zimenezo."

Delbert anapuma mozama, ndipo msana unamubaya, anabuula, kenako analankhula ndi mawu amene sindinawamvepo pa zaka zonse za uneba wathu.

"Ndinadziwa kuti ukufuna kuthamanga. Munthu safuna mabotolo asanu ndi awiri popita kukagula buledi. Oweruza aja ndilibe nawo ntchito, Lorraine, theka la iwo saona n'komwe. Koma kale ndinkaima kuseri kwa mpanda wa bwalo lija n'kumakuona ukuzimiririka mu utsi, ndipo mtima unkachita kufika pakhosi. Nthawi imeneyo unali mtima wabwino. Uwu ndi wa mapilitsi."

"Ndiye usaime kuseri kwa mpanda, chitsiru changa iwe. Ukhale pampando wa pambali."

Delbert anati, "Sindingathe kutukula mkono. Sipanala ili pachifuwa pangapa."

Choncho Nyalugwe wa pa Getsi Lobiriwira anamasula mabawuti khumi ndi anayi aja ndi manja ake, mdani wake wogonja akumuunikira ndi tochi yoluma pakamwa n'kumang'ung'udza malangizo amene palibe anawamva. Atatha, tinagwira katoni uku ndi uku n'kumukoka Delbert pasimenti mwaulemu wonse, monga amakokera mfumu yovulala kuchoka pa bwalo la nkhondo.

Mtendere unakondwereredwa Loweruka la sabata yotsatira, sampu yakuya itamangidwa kale kunsi kwa Dolores. Pangano linalembedwa kuseri kwa katoni ya gasiketi, kamphira kotseka mpata pakati pa sampu ndi injini, ndipo mbali zonse ziwiri zinadinda ndi chala chothimbirira oyilo. Sampu yosaya, imene sinalawepo dontho la oyilo, inadzazidwa ndi madzi oundana ndi zitini za mowa, ndipo madoda anayi a kalabu anainyamula pamapewa kuzungulira bwalo la nyumba, zipewa zili m'manja, amayi a zibonga akuimba nyimbo ya maliro mwa mawu anayi. Kenako kunapezeka kuti sampu yakuya singadutse pa kachitunda ka pageti popanda kukhula pansi, ndipo Delbert, ali pampando wa nsalu ndi pilo kumsana, anati, "Ndinanena ine," kasanu ndi kawiri, mpaka tinayala matabwa ndipo msewu wonse unatsogolera Dolores kutuluka, aliyense akukupiza manja mosiyana ndi mnzake.

Mu Ogasiti tinapita ku bwalo la mpikisano. Delbert anavala chisoti chobwereka chimene chinamufika m'mphuno, anamanga lamba, ndipo anagwira chitseko ndi manja onse awiri. Getsi linasintha, Dolores anabangula, matayala anafuka, ndipo pa masekondi khumi ndi anayi Lorraine anasiya kumbuyo dokotala wa mano wa zaka makumi atatu amene ankamuseka pamzere.

Atabwerera pamene tinaima, Mpukutafumbi anatuluka nkhope ili mbuu, ndipo anatsamira denga la galimoto. Lorraine anavula chisoti.

"Basi, Del. Ndinati umodzi. Tiye kunyumba."

Delbert anabwerera pampando wake, n'kukoka lamba.

"Unachedwa kulowetsa giya lachitatu," anatero. "Bwerera pamzere."