Ndinagwada ku Thamesmead, Kudzuka N'kukanika

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene amatipatsa mpweya waulere. Kale ndinkayamika za mpweya mongotsatira anzanga m'pemphero. Koma kuyambira Loweruka lina, pamene ndinausowa ndili gone pa kapeti ya eni ake ku Thamesmead, ndimayamika ndikudziwa chimene ndikunena.

Ine ndine mayi wamasiye wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo thupi Ambuye anandipatsa mosaumira. Kwathu ku Ntcheu ndikatsika basi amati, "Koma ndiye akukusungani bwino kunjako!" Kuno ku London thupi lomwelo adokotala amaliyang'ana ngati lapalamula. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Woolwich, ndipo vuto langa linayambira m'menemo.

Tili ndi gogo wina wochokera ku India, wolankhula Chitelugu, amene masana aliwonse amafuna filimu ya kwawo. Mnzanga wa pantchito, Selvi, ndi Mtamilu, ndiye amasinthanitsa: lero ya Chitelugu, mawa ya Chitamilu, zonse za chikondi ndi nthabwala, mawu a Chingerezi akuyenda m'munsi. Ine dzanja linkawamwetsa gogo tiyi, maso ali pa kanema. (Ndiulule: ndinafika posintha nthawi yanga yopuma kuti igwirizane ndi filimu.)

Chimene chinandilowa mumtima ndi mwambo wawo wodzaona mkwatibwi. Abale a mwamuna amabwera, mtsikana n'kutuluka ndi thireyi ya tiyi, onse n'kumamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akakhala wonenepa, azakhali a mwamunayo amatsinana, mpando umalira iye akakhalapo, kang'oma ka mu filimu n'kugunda kuti tiseke. Alendo amapita osabweranso. Kenako mtsikana amayamba kuthamanga m'mawa, kumwa madzi a mandimu, kulota zakudya zokazinga. Nthawi zonse zikafika pamenepo belu la m'chipinda china linkalira, ine n'kuthamangira kukathandiza. Mathero sindinawaonepo ngakhale kamodzi.

Tsono kutchalitchi kwathu kuli a Tembo, bambo a ku Zambia oyendetsa basi, amenenso anaferedwa akazi awo. Kwa zaka ziwiri ankandithandiza kusonkhanitsa mipando tikaweruka, osanena kanthu koposa za nyengo. Tsiku lina anaika mpando pansi n'kunena kuti, "Amayi, kwabwera azakhali anga kuchoka ku Chipata, amene ananilera. Nifuna akuoneni. Beve akavomera, ine nilibe mawu ena."

Ndinayankha mwaulemu, koma m'mutu mwanga kang'oma kaja kanagunda. Azakhali akudzandiona! Ndipo a Tembo ndinkawafuna, abale, sindibisa. Zaka zisanu ndi zinayi ndikudya ndekha, ndikuyankha "Ameni" pa pemphero langa lomwe. Tsiku lokaonana nawo linaikidwa, ndipo ndinali ndi masabata atatu okha oti ndichepe.

Ndinayamba ndi mandimu. Anthu akandifunsa chifukwa chimene sindikudya, ndinkati ndikusala. (Ili ndiye tchimo lenileni m'nkhaniyi. Kusala kumakhala ndi chopempha kwa Mulungu. Ine chopempha changa chinali chiuno.) Amayi a m'gulu lathu la mapemphero anachita chidwi, mpaka awiri anayamba kusala nane osadziwa chimene tikusalira. Masabata awiri atatha ndinakwera sikelo ya kuntchito. Inandiyankha zomwe inandiyankha chaka chatha.

Selvi anandipeza nditaima pa sikelopo nditavula nsapato, wotchi ndi ndolo. Anati, "Sisita, vuto lako umachoka filimu ili pakati. Kumapeto mtsikana uja amataya mandimu, n'kuwauza alendo kuti, 'Ine ndili chonchi, amene sakufuna khomo ndi ilo.' Ndipo amene amamukonda amakhala kuti anamukonda kalekale."

Ndinati, "Selvi, wa mu filimuyo ndi wochepa kale, angomuika mapilo m'malaya. Anga si mapilo. Komanso iye akakanidwa kumagwa mvula, anthu makumi asanu n'kumuvinira kumbuyo. Ine akandikana ndikwera basi ndekha, mwinanso oyendetsa ali a Tembo omwewo."

Mawa lake ndinapita kumsika wa ku Woolwich kukagula chovala cha m'kati chija chofinya mimba, chokhala ndi tizitsulo tokowetsa kuyambira pachifuwa mpaka m'ntchafu. Wogulitsa anandiyang'ana n'kunditulutsira saizi yanga. Ndinamubwezera n'kutenga chocheperapo kawiri. Ndinaganiza kuti ngati chondikwana chithandiza, chosandikwana chithandiza koposa.

Tsikulo litafika anabwera mayi Banda, mnzanga wa kutchalitchi amenenso amasamalira okalamba, kuti andiperekeze, poti munthu supita wekha kotere. Kundiveka kunatenga theka la ola. Ine ndinagwira chitseko, iwo bondo lili pamsana panga, akukoka. "Anzanga, nyama imeneyi ikupita kuti?" anafunsa. Ndinati asadandaule, ipeza kolowera. Nditavala diresi la chitenje pamwamba n'kuyang'ana pagalasi, ndinaona mayi wina wowongoka ngati mzati wa magetsi, maso atatuluka pang'ono. Ndinakondwera naye.

M'basi ndinaima ulendo wonse, mipando ili mbwee. Kukhala kunali kosatheka. Koma ngakhale pamenepo sindinaganize za chinthu chimene mwana aliyense wa ku Ntcheu amadziwa: akuluakulu suwapatsa moni uli chilili.

Ndinachikumbuka titalowa m'nyumba mwa a Tembo ku Thamesmead. Pa sofa panali azakhali, mayi wa imvi, ndipo sofa ya anthu awiri anaidzaza okha. Mayi Banda anagwada mosavuta. Ine ndinapemphera mumtima, n'kudziponya pansi nthawi imodzi ngati thumba la chimanga. Mawondo anafika ndithu. Mpweya ndiwo unatsalira m'mwamba.

Azakhali sanali ofulumira. Anafunsa za ulendo, za ntchito, za ana anga awiri mmodzimmodzi, za amayi anga kumudzi, za mvula ya ku Ntcheu. Ine ndinkayankha mawu amodziamodzi, ndikuomba m'manja mofooka. "Ali... bwino." Anatembenukira kwa a Tembo nati, "Ni ofatsa, ka? Sakamba-kamba." (Amene amandidziwa aseke pamenepa.)

Kenako anati, "Nyamukani mayo, nkhalani apa pafupi na ine."

Ndinayesa. Bondo lamanja linakwera, china chilichonse chinakana. Nditayesanso mwamphamvu kunamveka kuti thu! Kachitsulo koyamba kanaduka. Kenako thu! thu! motsatizana, ngati chimanga chokazinga. Chovalacho sichinamasuke chonse ayi. Chinatseguka pakati pokha, ndipo zonse zimene ndinazitsekera kuyambira m'mawa zinathamangira pa mpata umenewo. M'maso munada, ndinapendekeka pang'onopang'ono, n'kugona cham'mbali pafupi ndi tebulo la tiyi.

Mu filimu apa ndi pamene pamayamba nyimbo. Kwa ine kunayamba mayi Banda, amene anaiwala kuti ndi mlendo n'kukhala ngati ali pa shifiti. "Wina asawanyamule! Pakupweteka ndi pati? Mukudziwa kuti lero ndi lachingati? Tchulani dzina lanu lonse!" A Tembo anali atagwira kale foni kuti aitane ambulansi.

Azakhali anawerama n'kundigwira m'nthiti. Anagogoda ndi chala. Kunamveka ngati agogoda chitseko.

"Iwe, ika foni, yenda ku khichini, utseke chitseko," anauza a Tembo. "Amayi Banda, nipatseni sizasi ili mu kabati umo."

Ndinakumbuka munthu uja anatuluka m'manda ali womangidwa nsalu, Ambuye n'kulamula kuti ammasule. Kusiyana kwake n'kwakuti iye sanadzimange yekha. Azakhali anadula kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mpweya umene ndinakoka pamenepo sindidzauiwala. Pambuyo pa mpweya panabwera misozi. Ndinadziwa kuti zatha, ndipo ndinayamba kuganiza za tchalitchi china chimene ndingasamukire.

Anachinyamula chovalacho m'mwamba ndi zala ziwiri. "Manje ichi munavalira ndani? Ine?" Anadziyang'ana okha pa sofa paja, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, niyang'aneni bwino. Ine ningakane munthu chifukwa cha thupi? Ningayambire pati?"

Ndinaulula zonse ndili pansi pomwepo: mandimu, sikelo, kusala kwabodza, mafilimu a ku India. Pa za kusala sanaseke. Anati zimenezo ndikakonze ndi Mwini wake komanso ndi amayi awiri aja, ndipo ndinakonzadi Lachitatu lotsatira, mwamanyazi.

Atandikhazika pa mpando n'kundifunditsa chitenje chawo, anaitana a Tembo. Bambowo anatuluka m'khichini maso ali pansi, koma mapewa akugwedezeka. Zonse anamva, zitseko za kuno n'zopyapyala.

"Amayi," anatero, "ine niyendetsa basi ya nsanjika mu tinjira tung'ono twa mu London. Kupima na maso ndiye nchito yanga. Ninakupimani kudala, zaka ziwiri zapita. Lelo pamene munangena ninadabwa kuti thupi linangu mwalisiya kuti."

Azakhali anawaponyera kapilo, kenako anandidzazira mbale mpunga, nkhuku ndi chikanda, chakudya cha kwawo chimene anabwera nacho. Anakhala chondiyang'ana mpaka nditamaliza, n'kuwonjezera. Ndili pakati pa mbale yachiwiri anauza mayi Banda kuti, "Muuze ankhoswe a kwanu tikambe, nikalibe kubwelela ku Chipata."

Mawu a Mulungu amatiuza kuti Iye sayang'ana monga ayang'anira munthu, ndipo ine ndawaphunzitsapo ena zimenezi kangapo. Ndingakonde kunena kuti tsopano ndinamvetsa. Koma sabata yatha, telala akundiyeza diresi la ukwati ku Tottenham, anaima tepi ili m'manja nati, "Mayi, pumani. Tsiku la ukwati mudzafuna kupuma." Ndinali nditakoka mimba osadziwa n'komwe.

Ambuye amene anakuumbani, aliyense pa muyeso wake, akudalitseni ndi kukusungani. Akupatseni anthu okukondani mmene mulili, ndiponso mtima wowakhulupirira akakuuzani choncho. Ameni.