Kudumpha Kwanga M'chaka Choyamba cha Timu Yathu

Seka, Chikondi, mano ndi ako omwe! Mwana wa mlongo wanga weniweni, kundiyankha m'Chingerezi chapamphuno kuti amalume mimba iyi sinathamangepo? Inunso a Gondwe, mwangotsika dzulo kuchokera kumigodi, mwayamba kale kugwedeza mutu. Ikani kapu pansi, mumve zimene zinachitika pa yunivesite yomweyo imene mwanayu akuphunzira lero.

Chaka chimene anayambitsa timu ya mpira, ine ndinali nditangofika mu Perth kudzaphunzira za miyala. Ndinathamangirako ndi nsapato zanga za ku Zomba, poganiza kuti ndi mpira wa anthu. Kufika, akundipatsa chinthu chonga papaya, malaya opanda mikono, kabudula wa mwana wa kumkaka, mitengo ya golo inayi, goloboyi kulibe! Nanga anzanga a mutimu? Wina wophunzira unesi, akagwetsa mdani ankagwada n'kuyamba kumufunsa pamene pakupweteka. Wina ankatsinzina mpira ukamabwera. Kochi wathu Barry, mzungu wokalamba, tikamagonja ankatafuna chipewa chake, ndipo pofika pakati pa chaka m'masitolo onse a m'tauni munalibenso chipewa. Loweruka lililonse kutikwapula. Mpaka akuluakulu a sukulu anatopa nafe: mukagonjanso masewero omaliza, bwaloli tithirapo phula pakhale poimika galimoto.

Tsikulo anatibweretsera zimphona za kumafamu a tirigu, anthu oti akaima dzuwa limalowa msanga. Koma tinalimba, ndipo nthawi ikutha chigoli chimodzi chokha chikanatipulumutsa. Mpira uwo, m'mwamba! Tsono mu mpira umenewu amalola kukwera pamsana pa mnzako, ndipo ukaugwira m'malere wezulo isanalire, umamenyabe ngakhale nthawi yatha. Mukumva?

Ndinaponda bondo la chimphona choyamba, phewa la chachiwiri, dazi la chachitatu, n'kupitirira ndithu, kudutsa mitengo ya bulugamu, mbalame za kuno zojompha anthu n'kundilondola mpaka zinachita chizungulire n'kubwerera, sitima ya ku Murdoch ikuoneka pansi ngati bongololo, anamwino a chipinda chapamwamba pachipatala cha ku Nedlands akundibayibitsa pawindo, ndege yonyamula anzanu a kumigodi, a Gondwe, n'kundiimbira hutala kuti ndipatuke, ine n'kuiuza kuti ilambalale yokha chifukwa ndili pantchito, kenako gwi! papaya uja pachifuwa. Ndikulumbira, apa pali chipsera. Kutsika kokha kunanditengera nthawi yoti ndevu zinamera, ndipo nditaponda pansi ndinapeza woyimbira mpira akumaliza kudya.

Barry, chipewa chili m'kamwa, anakuwa kuti, "Menya, Banda, menya!"

Ndinamenya. Mphepo ya kunyanja imene imabwera masana ija inatembenuka n'kubwerera kwawo, udzu wa pabwalo unagona wonse, mpira n'kulunjika pakati penipeni pa mitengo iwiri yaitali yopatsa chigoli, ukukwerabe, ukukwerabe, mpaka kadontho, mpaka zii.

Tsono apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Woyimbira uja, m'malo moloza chigoli, anapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Wapita pamwamba kwambiri, sindinauone bwino. Tidikire ugwe."

Tidikire ugwe! Munthu wadya ndi maso omwe? Tinadikira makosi ali chagada mpaka anauma, mnzathu wa unesi uja akuzungulira kutisisita mmodzimmodzi, zimphona zija n'kukwera basi yawo kukakolola tirigu. Lolemba m'mawa magalimoto a phula anali atafika. Ndinawatsekera njira, ndinawafotokozera lamulo, ndinawalozera kumwamba, koma iwo anangondithirira phula mozungulira mapazi. Barry anameza chipewa chomaliza n'kupita kukaweta nkhosa.

Ndiye lero m'mabuku mwawo analemba kuti chaka choyamba timu sinapambane ngakhale kamodzi. Bodza lamkunkhuniza! Masewero amatha mpira ukagwa, ndipo ndani wa inu anauona ukugwa? Inu a Gondwe? Palibe. Masewerowo akadali mkati, ndipo ife sitinagonje.

Iwe Chikondi, pitiriza kuseka. Koma mawa ukamapita ku kalasi, kagalimoto kako kaja usakaimike pakati pa bwalolo. Tsiku limene mpira umenewo udzatsike, usadzabwere kwa ine ukulira.