Kompyuta ya Apongozi M'balani ya Fodya

Mpaka lero apongozi anga salola kuti ndikhudze chilichonse cha magetsi m'nyumba mwawo, ngakhale tochi. Sindiwadandaula.

Nthawi imeneyo ndinkakonza mawailesi pamsika wa Mkanda. Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 7 nditakangana ndi aphunzitsi (olakwa anali iwowo, koma tizisiye). Ndinkafuna kukwatira Esinati, mwana wa a Mbewe, kalaliki wa pa esiteti ya fodya. Madalawo ankakana. Ankati munthu wa mtima wapachala ngati ine adzawapwetekera mwana.

Ofesi yawo itagula makina atsopano, a Mbewe anapatsidwa kompyuta yakale, yofiirira ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Nyumba yawo ya pa esiteti inali ndi magetsi, koma chinthucho chinakana kuyaka. Esinati, yemwe ankathandizako kutayipa ku ofesiko, anali kwa azakhali ake ku Chipata. Ndiye a Mbewe anaitanitsa ine.

"Mwanawe, akuti umadziwa zamagetsi. Ichi ungachithe?"

"Bambo, imeneyi ndi wailesi yokhala ndi galasi basi," ndinayankha. (Chibadwire ndinali ndisanakhudzepo kompyuta.)

Ndinadina batani. Zii. Ndinayesa soketi ndi wailesi yawo, wailesi n'kuyimba bwinobwino. Ndinamenya bokosilo khofi m'mbali, paja mawailesi ambiri amamva chomwecho. Zii. Ndinalitsegula, n'kuuzira fumbi, mphemvu ziwiri n'kuthawamo. Nditatseka ndinalimenyanso, ulendo uno ndi ukali.

Mayi ake a Esinati anasuzumira pakhomo. "Inu abambo, mwanayu akuchikonza kapena akumenyana nacho?"

Mawu amenewo anandiwotcha. Ndinaimirira n'kulengeza kuti vuto ndalipeza: chinyezi. Wailesi ikalowa chinyezi ndimaiyanika padzuwa, koma inali nyengo ya mvula, dzuwa litasowa masiku anayi. Chapafupi pomwepo balani yowumitsira fodya inkafuka utsi.

Osonkhezera moto, a Jere, anandiimitsa. "Aphwanga, muno timaikamo fodya."

"Inu dziwani za nkhuni, zamagetsi musiyire eni ake!"

Anangondipatuka. Ndinasanjika bokosi ndi kiyibodi pamitengo, pafupi ndi paipi ya moto kuti ziume msanga, n'kupita kukasewera bawo.

Pobwerako masana, fungo la pulasitiki linandilonjera ndili patali. Bokosi linali lotentha koma lamoyo. Kiyibodi ndiyo inali itapindika ngati tsamba louma, zilembo zitamatirirana.

Ndikufika nazo pakhomo, ndinapeza Esinati atangotsika panjinga. Atamva nkhani yonse analumikiza mawaya, n'kusuzumira kumbuyo kwa bokosi, n'kudina kaswichi kakang'ono kakuda. Chinthucho chinayamba kulira, galasi n'kuwala.

"Aka timazimitsa tikamaweruka ku ofesi," anatero osandiyang'ana.

A Mbewe ananyamula kiyibodi ija, n'kuitembenuza uku ndi uku, n'kuinunkhiza ngati ali pa tebulo losankhira fodya.

"A Jere, imeneyi tiipatse giledi yanji?"

A Jere, omwe ananditsatira kudzaonerera, anaseka mpaka kukhala pansi. Amayi anaseka. Alebala odutsa anaima n'kusekanso. Ine ndinayamba kukunga zibakera, ndipo ndinkadziwa bwino chomwe chimatsatira ndikatero. Koma ndinaona kuti a Mbewe sakuseka. Ankayang'ana manja angawo.

Ndinawapinda kumbuyo. "Pepani bambo, ndalakwa. Ndikakufunirani ina ku Chipata."

A Mbewe anaika kiyibodi ija pansi. Kenako anati, "Nzeru za makina ulibe. Koma mtima wayamba kuugwira. Uwauze amalume ako abwere."

Esinati pano ndi mayi wa ana anga atatu. Phunziro ndinalitola: chinthu chikakana kuyaka, yamba wayang'ana kumbuyo kwake usanachimenye. Za mtimazo ndiye musandifunse kwambiri. A Jere ndinakawatukwana m'mawa mwake kuseri kwa balani, komwe apongozi sakanamva.