Nyamaliro, Amene Analira Mwamuna wa Eni Ali Moyo

Kwathu ku Ndamera ukafunsa za Mayi Evelesi anthu akhoza kukanda mutu, koma ukangoti Nyamaliro, ngakhale wakabaza akulozera pamene panali nyumba yawo. Mayi amenewa sankadutsa maliro. Kaya womwalirayo akumudziwa, kaya sanamuonepo chibadwire, akangoona masamba atayalidwa pamsewu, basi, tsiku limenelo latha.

Ine Priska ndinkachita nawo geni ya nsomba zouma, ndipo manyazi amene anandichititsa mayi aja akanakwanira mudzi wonse. Tili mu minibasi, madengu ali pamiyendo, umangomva:

"Kondakitala, imitsa!"

"Amayi, ku Bangula sitinafike."

"Nkhabe, ine ndafika. Ulibe maso? Suona masambawo?"

Ankatsika, dengu lawo n'kundisiyira, n'kumanga chitenje m'chiuno, kulira n'kuyambira pamsewu pomwepo. Mawu awo anali oti ng'ona kudambo zinkatulutsa mitu. Ofedwa amene misozi inawaumira ankayambiranso. Akalira mpaka mawu kusasa, m'pamene ankakodola woyandikana naye n'kunong'ona kuti, "Kodi watisiyayu ndi bambo kapena mayi?"

Tsiku lina kufupi ndi ku Nchalo analira masamba amene dalaivala anaika pochenjeza kuti lole yake yafa. Dalaivala anatuluka kunsi kwa lole, mafuta thupi lonse, n'kuwauza kuti, "Zikomo amayi, koma ndi giyabokosi chabe." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinangoyang'ana nzimbe ngati ndikufuna kugula munda wonse.

Nditatopa nazo ndinawafunsa. "Amayi, mumadzivutiranji ndi maliro a eni?"

"Mwananga, iwe uli ndi ana, uli ndi alongo. Ine amuna anga anapita, m'mimba mwanga simunatuluke munthu, abale anamwazikana. Tsiku langa likadzafika, adzayambitse kulira ndani? Ndikulimirako anzanga kuti nawonso adzandilimire."

Ananena akuseka, koma zinali zochokera pansi pa mtima. Njala sankaiopa, madzi osefukira sankawaopa. Chimene ankaopa n'kuikidwa mwakachetechete ngati mbuzi yofa yokha.

Ndiye chaka china nsomba zitasowa mu Shire, tinamva kuti ku Mozambiki, m'timatauni ta m'mphepete mwa nyanja yamchere kupitirira Kilimane, nsomba zouma n'zosayamba. Ndinkafuna kupita ndekha, koma mayi aja anandipeza padoko atamanga kale kathumba kawo. Ndinawachonderera m'bwato momwemo.

"Amayi, uku n'kwa eni. Chonde, pakamwa pakhale potseka."

"Ine? Ndiyambe liti kulongolola?"

Katauni kamene tinafikirako kanali ndi msewu umodzi wamchenga, wotsetserekera kunyanja, ndipo msika unali mumsewu momwemo. Njinga zinali piringupiringu, zina zitasenza kokonati, zina makala, ina itanyamula nsomba yaitali mchira ukukwekwereka pansi. Amayi ankakazinga timabanzi m'mbali, ena akupala kokonati pa kampando kokhala ndi mano kutsogolo. Mabwato akamakocheza, msika wonse unkathamangira kumchenga, anthu akulimbirana nsomba zisanatsike n'komwe. Fungo la mchere linkalowa mpaka m'chitenje.

Mayi Evelesi anafikira kulawa nyanja. Analavula n'kufuula kuti, "Ndani wawononga mchere wonsewu?" Kenako anapatsa moni msika wonse mmodzimmodzi, akuomba m'manja, kufunsa za ana ndi za mvula kwa anthu osamva Chimang'anja. Pa dengu la nkhanu zomangidwa ndi luzi anapisa chala kuti aone ngati zili zamoyo. Zinali zamoyo. Ine ndinkayenda kumbuyo, mpango nditautsitsira m'maso.

Pokhotera kanjira kolowera kumakomo a anthu, ndinangoona mayi aja aima chilili. Pamchenga, kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, panali patayalidwa masamba akuluakulu a kokonati.

"Priska, taona kukula kwa masambawa. Wagwa ndi munthu wamkulu."

"Amayi, tiyeni tifunse kaye."

"Maliro safunsa!"

Dengu pansi, chitenje m'chiuno, manja kumutu. "Mayo ine! Mayo, watisiya!" Analowa pampanda wa nyumba imene inali pafupi, ndipo tsoka lake pakhonde panali patagona bambo pamkeka, atafunda chitenje mpaka kumutu pothawa ntchentche. Mayi aja anadzigwetsa pambali pake n'kutsegula mmero wonse.

Kulira sikusowa womasulira. Ophika timabanzi anasiya mafuta pamoto, akabaza anagwetsa njinga, amayi ena analowa n'kuyamba kuthandiza. Uthenga unafika kumchenga kuti Tomasi wafa, ndipo mkazi wake, Mayi Juliana, anasiya nsomba zake pamphasa n'kubwera akugubuduka. Pamenepo chitenje chija chinagwedezeka. Malemu anadzuka, maso ali psuu ndi mowa wa uchema wa m'mawa, n'kufunsa kuti wamwalira ndani.

Anthu anathawa mpaka kugwetsa mpanda. Masamba aja anali ofolerera khitchini, anangowayanika pamsewu kuti aume. Ine ndinalakalaka mchenga utandimeza. Nsomba za Mayi Juliana agalu anali atayamba kale kugawana, ndipo ndinadziwa kuti lero tigona kupolisi ya dziko la eni.

Mwamwayi Mayi Juliana ankamva Chisena, chimenenso timalankhula kwathu, poti mayi awo anali a ku Mutarara. Anaima manja m'chiuno.

"Mwalira ninji pakhomo panga?"

Mayi Evelesi anagwada, misozi isanaume, n'kufotokoza kuti kwathu masamba pamsewu ndiye kuti pali zovuta, ndipo munthu woleredwa sadutsa. Anawonjezanso, ngati wina wawafunsa, chifukwa chimene iwo sankadutsira. Mayi Juliana anayang'ana mwamuna wawo, n'kuyang'ana gogo wogwadayo, kenako anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi.

"Chidakwa ichi? Ine ndinkati tsiku lake ndidzachita kulemba aganyu olira!"

Madzulo ake tinadya mpunga wa kokonati pakhonde lomwelo. Bambo Tomasi anakhala patali, ali ndwii, koma potsazikana anawagwira dzanja mayi aja nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse tinkafikira pakhomopo, ndipo msika wonse ukationa unkaika manja kumutu n'kukuwa kuti "Mayo ine!" Mayi aja ankabweza moni mosangalala. Ine manyazi ake sanandithere.

Kenako kunabwera chaka cha madzi aakulu aja. Nyumba zinagwa, tonse tinakaunjikana kumsasa kumtunda, ndipo kolera inalowa. Mayi Evelesi anadwala m'mawa, dzuwa lisanalowe anali atapita. Azaumoyo anati matendawa salola kusonkhana, ndipo ankanena zoona. Anawakulunga m'pulasitiki n'kukawaika anthu ovala magolovesi, ife titaima patali. Panalibe nyimbo, panalibe tsamba ngakhale limodzi pamsewu, poti msewu womwewo unali pansi pa madzi. Aliyense anali ndi chisoni chakechake, ndipo palibe anayambitsa kulira. Munthu amene analira maliro a chigwa chonse anapita ngati mmene ankaopera.

Njira zitauma ndinapitanso kunyanja kuja ndekha. Msika utandiona unayamba mwa masiku onse, manja kumutu, kuseka. Mayi Juliana anasuzumira kumbuyo kwanga.

"Nanga mayi wanga wolira uja?"

Ndinawauza.

"Munamulira bwino?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinafotokoza za madzi, za matenda, za lamulo, koma mawu anga ankamveka opepuka ngakhale kwa ine ndemwe.

Bambo Tomasi, amene ankamvetsera ali pamkeka wawo uja, anadzuka. Sinali nyengo yoyanika masamba, ndiye anakwera pakhitchini n'kuyamba kusasula denga. Anakokera masambawo kumsewu waukulu, pakati penipeni pa msika, n'kuwayala kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Wakabaza wina atafuna kudutsa, anamugwira handulo.

"Tsika. Mayi ameneyu anandilira ine ndili moyo."

Mayi Juliana anamanga chitenje m'chiuno monga anaonera, n'kuika manja kumutu. Mawu awiri okha a kwathu amene msika wonse unkawadziwa anali omwe aja ankaseka nawo, ndipo ndi amene analira nawo. "Mayo ine! Mayo ine!" Ophika timabanzi anaphula mafuta, opala kokonati anasiya mipando, a kumchenga anakwera ndi mamba m'manja. Msika unaima. Anthu osadziwa n'komwe kumene kuli Ndamera anakhala pamchenga kulira gogo wa kwathu, ine mnansi wake nditaima ndi dengu pamutu. Manyazi a tsiku limenelo anaposa onse amene mayi aja anandichititsapo. Ndinatula dengu n'kukhala nawo pansi.

Masiku ano kwathu maliro amayamba mozizira. Amayi amakhala m'nyumba ya siwa kuyang'anana, aliyense kudikira mnzake kuti ayambitse. Minibasi ikafika pa masamba, dalaivala amangochepetsa liwiro ndi wailesi, n'kupitirira. Kondakitala wina wakale amatembenukabe kuyang'ana mpando wakumbuyo, dzanja lili kale pachitseko, koma palibe amene amati imitsa.