Matayala a ku Joni ndi chithupsa cha apongozi

Ine ndine munthu wofatsa, sindinamenyanepo ndi wina aliyense. Koma msuweni wanga Bonifasi, ndikanakhala ndi mphamvu, ndikanamukhazika pa linthumbu tsiku lonse.

Nthawi imeneyo ndinkayendetsa kapikapu ka amalume, konyamula tomato kuchokera kwathu ku Ndunde kupita ku Limbe. Kanali kokalamba koma komvera. Kamuvi koonetsa mafuta kanafa kalekale, komabe tinkadziwa kuti kachigubu kamodzi kamatifikitsa pa Nguludi n'kutsalako pang'ono. Ndinalinso ndi chibwenzi, Esinati, ndipo ankhoswe anali atayamba kuyenderana. Chotsala chinali mawu a mayi ake basi.

Ndiye mayi akewo anatuluka chithupsa (malo ake sinditchula, koma ankadya chiimire). Esinati anandipempha kuti ndiwatengere kuchipatala ku Nguludi. Mumtima ndinati mwayi wanga ndi umenewu.

Bonifasi anali atangobwera kuchokera ku Joni ndi matayala anayi, zitsulo zake zikuluzikulu zonyezimira, mphira wake wopyapyala ngati lamba.

"Iwe mbuzi," anatero, "ukanyamule apongozi pa timatayala ta wilibala iti? Tiike awa, akaone kuti mwana wawo akukwatiwa ndi munthu."

"Amalume akalipa," ndinayankha chapansipansi.

"Amalume ali kumaliro ku Mpama. Bweretsa jeke."

Ndinkafuna kukana, Mulungu ndi mboni. Koma pakamwa panatuluka "chabwino". (Matenda anga ndi amenewa kuyambira ku pulayimale.)

M'mawa mwake ndinafika kwa Esinati ana akuthamangira matayala. Mwa mwambo wathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, choncho kukhala nane kutsogolo sakanalola. Tinawayalira mphasa kumbuyo, anagona chammbali, Esinati atakhala pafupi nawo. Ine, pofuna kuonetsa ulemu wonse, ndinapotoza kagalasi kuti maso athu asakumane.

Kungonyamuka, galimoto inalemera ngati ndasenza matumba a simenti. Ndiponde mafuta, injini ingolira, liwiro palibe. Matayala akale aja ankameza timiyala ta mumsewu, koma awa mwala uliwonse unkafika mpaka m'mano. Ndikakhota, tayala linkakhula chitsulo cha pamwamba pake, khwee! Pakadzenje, gu! Ndiye nditayamba kumva gu! gu! gu! mosalekeza, ndinati ndi matayala omwewo. Paja Bonifasi anandiuza kuti matayala a ku Joni amafewa ukathamanga. Ndinawonjezera moto. (Gu! gu! ameneyo anali Esinati akumenya denga ndi nsapato kuti ndiime.)

Pachitunda china, chipatala tisanachione n'komwe, injini inatsokomola n'kuzima. Zitsulo za Bonifasi zinali zitamwa chigubu chonse.

Esinati anatulukira pawindo, fumbi mpaka m'nsidze.

"Kodi ndinu ogontha? Chithupsa chaphulika kalekale pamlatho paja!"

Mayi aja anatsika okha, pang'onopang'ono, n'kundifulatira monga mwa mwambo. Ine ndinagwada m'fumbi. Anayankhula atayang'ana mtengo wa mango.

"Esinati, uwafunse adalaivalawo. Tomato wawo amafika ku Limbe ali tomato?"

"Uwauze kuti pepani," ndinatero, "ndi matayala a Bonifasi."

"Uwafunse, galimotoyi ndi ya Bonifasi?"

"Ayi."

"Nanga apongozi ndi a Bonifasi?"

Apo ndinangoyang'ana nyerere.

Kenaka panadutsa mnyamata wina wogulitsa usipa panjinga. Anatsitsa dengu lake, anapinda chitenje pakaliyala, n'kuwakweza mayi aja chammbali. Sanapalase n'komwe, ankangokankha njinga akulambalala mwala uliwonse, Esinati akumusenzera dengu. Ine ndinatsala ndikulondera zitsulo zonyezimira padzuwa, anthu odutsa akuziyamikira kuti n'zokongola. Amalume atandipeza, zimene ananena m'Chilomwe sizilembeka.

Yankho linabwera kudzera mwa ankhoswe. Akuti chithupsa ndinachiza ndithu, akuthokoza. Koma munthu wolephera kukana msuweni wake, pakhomo pawo adzakana chiyani? Lero Esinati amadya usipa wosagula, ndipo ana ake akandiona amakuwa kuti "Amatayala!"

Chimene chimandipsetsa mtima koposa n'chakuti Bonifasi mpaka pano savomera. Akuti matayala analibe vuto, wolakwa ndi msewu. Msewu! Msewu umene kapikapu kaja kanayendamo zaka zonse osaswa tomato ngakhale mmodzi!

Mwezi wathawu anabweranso atanyamula zimasipika ziwiri zoti timange kumbuyo kwa mpando, akuti akazi amakono amamvera nyimbo. Ndinamuyang'ana magazi akuwira. Ndinatsegula pakamwa kuti lero amve zonse, za Esinati, za fumbi lija, za usipa.

Panatuluka "chabwino".