Mathalauza Atatu M'makina a Mayi Toneva

Pulani yonse inaphikidwa m'kabala ka Stoyanka, kuseri kwa msika wathu kuno ku Pernik, botolo la rakiya, kachasu wa kwathu kuno, lili pakati pa tebulo. Ine kunalibe, koma zonse ndikuzidziwa, chifukwa khutu la mwana wanga Kircho ukalipotokola bwino, pakamwa pamatseguka pokha.

Anali atatu. Woyamba Spas, amene amamutcha Injiniya chifukwa tsiku lina anasintha babu pa masitepe athu magetsi osamugwira. Wachiwiri Bonyo, dzina la ntchito Buleki, poti ndicho chinthu chimene galimoto yake ilibe. Wachitatu ndiye wangayo, anzake amati Ngolo: mapewa ngati chitseko, mutu ngati chigubu chopanda madzi. Iyeyu akhoti anali atamuchenjeza kale pa nkhani ya matayala a eni. Anamuuza maso ndi maso kuti akadzangogwidwanso, ngakhale ndi supuni ya munthu, akagona kundende.

"Amwene, mvetserani dilu," anatero Injiniya. "Mayi Toneva, akazi a dokotala wa mano aja, agula makina ochapira atsopano a ku Germany. Akadali m'katoni kukhitchini, amisiri sanabwere kudzawakhazika. Eni nyumba ali kunyanja ku Varna, akuwotcha mimba padzuwa. Ine ndili ndi munthu ku Radomir amene akuwafuna."

"Tilowa bwanji?" anafunsa Buleki.

"Kiyi ali ndi masteni ake a Ngolo. Si ndi amene amathirira maluwa?"

"Masteni akadziwa andisenda wamoyo," anatero Ngolo. Apa pokha ananena zoona.

"Sadziwa, aise. Tipita masana, dzuwa likuswa mtengo. Munthu wonyamula makina ochapira palibe amamufunsa kanthu. Aliyense amayang'ana kumbali kuopa kuti amuuza kuti agwireko."

Anawombanitsa matambula. Injiniya anati anthu adzasimba za tsikulo mpaka kalekale. Naponso sananame.

Lachisanu ine ndinapita kumsika kukalimbana ndi wogulitsa tsabola amene ankaganiza kuti ndinabadwa dzulo. Kircho anatenga kiyi pa msomali wanga. A Toneva amakhala pamwamba penipeni pa nyumba yathu yosanja, ine pansi pawo. Chikepe chokwerera pamwamba chinafa nthawi ya Pasaka, ndipo mpaka lero chikudikira kuuka.

Atang'amba katoni, Ngolo anayesa kunyamula makinawo mbali imodzi, n'kuwabwezera pansi msanga.

"Amwene, muli miyala umu? Nanga ndikawatsitsa masitepe onsewa, munthu wa ku Radomir n'kukati sakugwira ntchito? Ine msana ndili nawo umodzi."

Mwana wanga saganiza kawirikawiri. Tsikulo anaganiza, ndipo ndi zimene zinawapha.

"Wayankhula ngati munthu," anatero Injiniya. "Tiwayese kaye. Ineyo zimenezi ndi madzi akumwa."

Analumikiza payipi yolowetsa madzi kumpopi. Yotulutsa madzi anangoikoloweka m'sinki osaimanga. Chingwe cha magetsi chinali chachifupi, ndiye anawonjezera china chachitali chimene anachipeza kuseri kwa firiji. Kumbuyo kwa makinawo kunali chipepala chofiira, pojambulidwa sipanala ndi mabawuti. Injiniya anachimatula n'kuchitaya.

"Izi amaikira anthu osadziwa," anatero.

Inu amene simunagulepo makina, ndikuuzeni. Atsopano amabwera mgolo wake wam'kati utamangidwa ndi mabawuti kumbuyo, kuti usagwedezeke paulendo. Mabawutiwo umayamba wachotsa. Ukapanda kutero, makina akafika pofinya madzi amavina. Ndikudziwa chifukwa malemu bambo ake a Kircho anachita zomwezo titangokwatirana, makina athu tinakawapeza pakolido. Uchitsiru umayenda m'magazi.

"Makina sayesedwa opanda kanthu," anatero Injiniya. "Tiikemo chovala."

Buleki anayang'ana thalauza lake la mafuta a galimoto. "Akachotsa izi, ndiye kuti ndi a ku Germany enieni." Anavula n'kuponyamo.

"Sopo ndi wa eni, madzi ndi a eni," anatero Ngolo. "Langa litsale chifukwa chiyani?" Nayenso anavula. Injiniya sanafune kuti anyamata ake amupose ukhondo, anaponyamo lake, n'kupotokola batani mpaka pa madzi otentha kwambiri. Kachitseko kanati khethe, kudzikhoma.

Podikira anafuna fodya. Koma Ngolo anati Mayi Toneva amadana ndi utsi m'nyumba. Onani ulemu wa mbava zanga! Anatuluka pakhonde, n'kukoka chitseko chagalasi kuti utsi usalowe, n'kukhala pansi kuseri kwa maluwa, aliyense ndi kabudula wam'kati, akukambirana mmene akadyere phindu.

Anali atasuta mpaka kuiwala, pamene kukhitchini kunamveka gu! gu! gu! Makina aja anadumpha kamodzi ngati akuyesa miyendo, kenako anauyamba ulendo. Payipi inathawa m'sinki n'kuyamba kulavula madzi a thovu pansi. Makina anadutsa tebulo, anagwetsa mpando, chingwe chachitali chija chikuwalondola ngati mchira. Anadzaima pa chitseko cha khonde penipeni, n'kudzipanikiza pakati pa chitsekocho ndi chitofu. Chitseko chimenecho chimatsegukira m'kati.

"Kankha, Ngolo!" anakuwa Injiniya.

"Ndikankhe galasi? Likasweka lindicheka mimba. Kankhani inuyo ophunzira."

"Imbirani munthu foni!"

"Foni yanga ili m'thalauza," anatero Buleki. Kenako anagwira m'mutu. "Makiyi a galimoto ali momwemo."

Onse atatu anaimirira, nkhope pagalasi, kuonerera mathalauza awo akuzungulira. Poimirirapo ndi pamene azimayi amene amakhala pabenchi panja pa nyumba yathu anawaona. Azimayi amenewo amaona ngakhale ntchentche ikalowa pawindo la eni. Amuna atatu amiyendo pamtunda pakhonde la dokotala akanawaphonya? Mmodzi wa iwo, Mayi Tsona, anaimbira apolisi asanameze n'komwe njere imene ankatafuna.

Ine ndikulowa m'nyumba ndi thumba la tsabola, ndinapeza mvula ikugwa kukhitchini kwanga, kunja kuli ngwee. Pamwamba pakugunda ngati akupera miyala. Ndinathamangira pa msomali, kiyi palibe. Apo sindinafune wondiuza.

Ndinakwera, chitseko chinali chosakhoma. Ndinazula chingwe pakhoma, ndinatseka mpopi, kenako ndinaima m'madzi ofika m'kakolo n'kuyang'ana pagalasi.

"Amayi," anatero Kircho, mawu ngati a mwana wa mphaka. "Titsegulireni."

"Amayi ako ndani? Ine ndinabereka mwana wovala thalauza."

"Mayi Velichka, zangochitika mwangozi," anatero Injiniya, manja ataphimba kutsogolo.

"Iwe Spas, khala chete. Siling'i yanga yanyowa yonse. Mupaka penti kawiri."

"Kamodzi ikwana, mayi."

"Kawiri, ndi kubafa komwe."

"Kubafa sikunanyowe!"

"Ndiye khalani pomwepo. Eni ake abwera Lamlungu, muzithirira maluwa."

Buleki anasuzumira pansi n'kuona galimoto ya apolisi ikuima. "Tipaka, mayi! Ndi kuchipinda komwe tipaka!"

"Kuchipinda sindinanene, koma poti wanena wekha, ndalandira."

Ndinayesa kukankha makina aja, osasuntha. Madzi ndi mathalauza zinali m'kati, ine ndi mawondo anga akale. Pa masitepe panamveka nsapato zolemera. Apo nthabwala zinandithera. Ndinayang'ana chitsiru changa chija kuseri kwa galasi, ndipo ndinaona geti la ndende, ine nditaima panja ndi poto wa nyemba Lamlungu lililonse.

Analowa Sajeni Rachev, akupuma ngati ng'ombe yolima. Ameneyu ndinamudziwa akadali ndi mamina, amayi ake timapemphera limodzi. Anayang'ana madzi, anayang'ana makina, anayang'ana pakhonde.

"Kircho," anatero pang'onopang'ono. "Akhoti anakuuza chiyani paja?"

"Bwana, mufunse ine," ndinatero. "Kiyi eni nyumba anandisiyira ine. Anyamatawa ndawatuma ndine, kuti akhazike makina eni ake adzapeze zatheka."

"Opanda mathalauza, Mayi Velichka?"

"Amayesa makina. Nanga akanayesa ndi madiresi a eni? Taganizani, bwana. Munaionapo mbava yobwera kudzaba makina n'kuyamba kuwalumikiza kumpopi? Mbava yochapa thalauza m'nyumba imene ikuba? Yokasutira panja kuopa kununkhitsa makatani?"

Sajeni anakanda pachibwano nthawi yaitali. Anafuna kuseka, koma anadzigwira.

"Zoona," anatero. "Mbava zopusa chotero kulibe. Ndikakalemba zimenezi anzanga akandiseka."

Anavula chipewa, tinakankha makina aja awiriwiri mpaka chitseko chinatseguka. Atatu aja analowa mondondozana, maso pansi.

"Poti ndinu amisiri," anatero Sajeni akukhala pampando, "malizani ntchito ine ndikuona. Komanso amayi anga ali ndi firiji yakale yofunika kutsitsa. Kwawonso chikepe chinafa."

"Loweruka abwera," ndinatero.

"Ndi kukweza yatsopano."

"Kukweza ndi ntchito ina, bwana. Pamenepo muwapatse chakudya chamasana, cha nyama."

"Mayi Velichka, inu simusintha."

Ndinatola chipepala chofiira chija m'madzi n'kumumata nacho Injiniya pachifuwa. Anamasula mabawuti onse, thukuta lili kamukamu. Buleki anamanga payipi bwinobwino. Kircho anakolopa nyumba yonse atagwada. Makina atawayatsanso anafinya madzi mwaulemu, ali malo amodzi ngati mkwatibwi.

Kenako kachitseko kanatseguka, mathalauza anatuluka ataphikidwa. La Kircho linalekeza m'mawondo. Buleki anali ataiwala mpango wofiira m'thumba, ndiye mathalauza onse atatu anasanduka ofiirira ngati zovala za khanda. Foni inali yoyera bwino, koma yakufa. Anavala zonyowazo n'kutsika masitepe, Sajeni kumbuyo. Njira yotulukira ndi imodzi yokha, yodutsa pabenchi.

"Ana inu," anatero Mayi Tsona, "mwakula msanga bwanji? Pobwera paja mathalauzawa amakukwanani."

Mayi Toneva atabwera ndinawauza theka la nkhani, theka labwinolo. Anakondwa kwambiri, ndipo anafalitsa nyumba yonse yosanja kuti kuli anyamata atatu okhazika makina mosalipiritsa. Tsopano Loweruka lililonse mbava zanga zili pa masitepe, firiji kumsana, chitofu paphewa. Zikati zikane, ndimangofunsa ngati ndikaitane Sajeni kuti tikumbutsane. Kundende Kircho sanapite, ndipo madzulo amafika atatopa moti ngakhale supuni yake yomwe amalephera kuinyamula.

Mabawuti aja ndinasunga ine. Ali m'kapu ya chitsulo pa tebulo langa. Kircho akangoyamba kuti, "Amayi, Injiniya akuti ali ndi pulani," ine ndimangogwedeza kapu ija. Iye amagwira lamba wa thalauza ndi manja onse awiri, n'kukhala pansi.